Kubwerera ku koleji ndi foni m'manja: ndi mwayi kapena mtolo wina pamutu pa wamkulu?

Dzuwa likamalowa kuseri kwa phiri la Michiru, maminibasi ochokera ku Limbe ndi m'tauni amakhala atadzaza ndi anthu obwerera ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri. Pakati pawo pali gulu lomwe likukulirakulira: aphunzitsi a ku pulayimale, anamwino, apolisi, makalaliki a m'makampani a ku Makata ndi Ginnery Corner, ngakhalenso amayi a geni, amene akafika kunyumba amakayamba ntchito ina m'malo mopumula. Ana akadya n'kugona, iwo amatsegula foni n'kuyamba kuwerenga zimene mphunzitsi wa ku yunivesite waika pa intaneti. Ambiri anasiya sukulu zaka khumi kapena makumi awiri zapitazo, ndipo tsopano akufunafuna dipuloma kapena digiri kudzera m'maphunziro a patali, amene m'makoleji mwathu akutchedwa ODeL. Nkhani ya anthuwa yagawa maganizo pawiri. Ena akuti chitseko chomwe chinatsekedwa kalekale chatseguka, ndipo aliyense wokhala ndi nzeru alowe. Ena akuti munthu wa m'tauni wolipira lendi, wodyetsa ana ndi abale, akungodziwonjezera mtolo umene udzamuthyole msana asanaone phindu lake. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zolemera. Ine ndili kumbali ya amene akuti wamkulu abwerere ku koleji, koma ndikuona kuti mbali imeneyi siingapambane pokhapokha itamvetsera madandaulo a otsutsa ndi kuwayankha ndi zochita.

Ovomereza amayambira pa funso lakuti anthuwa anatsalira bwanji, ndipo yankho lake limachotsa manyazi ambiri. M'chaka cha 1994 boma linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana m'sukulu chinadumpha kuchoka pafupifupi 2 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ana amene analowa sitandade 1 nthawi imeneyo lero akuyandikira zaka 40. Pulayimale inafutukuka, koma malo a ku sekondale ndi ku yunivesite sanakule mofanana. Kwa zaka zoposa 30 dziko lonse linkadalira yunivesite imodzi yokha ya boma, University of Malawi, yomwe inatsegula zitseko mu 1965. Mzuzu University inayamba kuphunzitsa mu 1999, ndipo MUST ya ku Thyolo inabwera mu 2014. Chaka chilichonse achinyamata ambiri ankakhoza bwino MSCE, makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi ali m'manja, koma maina awo osatuluka pa mndandanda wa osankhidwa. Ena anasankhidwa koma bambo anamwalira, kapena panali azing'ono awo ofunika fizi. Atsikana ambiri anasiyira panjira chifukwa cha mimba kapena banja, ngakhale kuti ndondomeko yowalola kubwerera kusukulu inalipo kuyambira mu 1993. Choncho munthu wa zaka 38 amene lero akulembetsa ku koleji, nthawi zambiri ndi munthu amene nzeru anali nazo koma khomo linamuchepera. Dziko lathu lili m'gulu la maiko amene anthu ofika ku yunivesite ndi ochepetsetsa, ndipo kumuuza munthu wotere kuti nthawi yake inatha n'kumulanga kawiri pa mlandu umene sanapalamule.

Mfundo yachiwiri ya ovomereza ndi yakuti kwa wamkulu njira ina palibe. Mnyamata wa zaka 19 angathe kunyamula chikwama n'kukakhala ku Zomba kapena ku Mzuzu zaka zinayi. Mphunzitsi wa ku Bangwe wa ana atatu sangasiye malipiro ake ngakhale mwezi umodzi. Maphunziro a patali amamulola kugwira ntchito masana n'kuwerenga usiku. Mzuzu University ndi LUANAR akhala akuphunzitsa motere kwa zaka zingapo, Domasi College of Education yakweza aphunzitsi ambiri kufika pa dipuloma iwo asanachoke m'sukulu zawo, ndipo mayunivesite ena a boma ndi omwe si a boma atsatira njira yomweyo. Kawirikawiri wophunzira amapita kukakumana ndi aphunzitsi kwa masiku owerengeka teremu ikamayamba, amalandira zowerenga, kenako zotsala zimayenda pa Moodle, pa WhatsApp kapena pa Zoom mpaka nthawi ya mayeso. Salipira ndalama ya malo ogona, sakwera minibasi tsiku ndi tsiku, ndipo banja silipasuka. Komanso wamkulu amabwera ndi chinthu chomwe wachinyamata alibe. Kalaliki amene wakhala akulemba mabuku a ndalama zaka khumi, akamaphunzira za akaunti amamva msanga chifukwa zimene akuwerengazo anazigwira kale ndi manja. Njirayi si yachilendo padziko. Yunivesite ya UNISA ku South Africa inayamba kuphunzitsa anthu ali kwawo mu 1946, ndipo Nelson Mandela anamaliza digiri yake ya zamalamulo kumeneko ali m'ndende, atapyola zaka 70. Ovomereza amawonjezeranso kuti mwana amene amaona mayi ake akuwerenga usiku safunika kulalikiridwa za ubwino wa sukulu.

Otsutsa sakana kuti zonsezi n'zokoma kumva, koma amati walira mvula walira matope. Choyamba amaloza magetsi. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira ndi magetsi a ESCOM. M'Blantyre nyumba zolumikizidwa n'zochulukirapo, komabe kukhala ndi waya pakhoma sikutanthauza kuti babu liyaka. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka magetsi ankazima maola ambirimbiri pa tsiku. Wophunzira amene ayenera kutumiza ntchito yake isanakwane 12 koloko usiku sangapereke mdima ngati chifukwa kwa kompyuta imene yatseka kale. Chachiwiri amaloza mtengo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo foni, laputopu ndi batire, zomwe zonse zimachokera kunja, zinakwera mtengo malipiro ali pomwepo. Phunziro limodzi la pa vidiyo lingathe kumaliza bandulo imene munthu amayembekeza kuti imufikitsa kumapeto kwa sabata. Ambiri alibe kompyuta, ndiye amawerenga masamba makumimakumi pa kagalasi ka foni, n'kulemba ntchito yaitali ndi chala chachikulu. Otsutsa amakumbutsanso zomwe zinachitika sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19: kusamutsira maphunziro pa intaneti kunavuta ngakhale m'makoleji akuluakulu, ndipo amene anapitiriza bwino anali amene anali nazo kale zipangizo.

Dandaulo lina ndi lozama kuposa la magetsi, chifukwa likukhudza mmene anthu amakhalira. Mawu akuti "phunzirani muli kwanu" amatenga ngati kwanuko kuli tebulo, nyali ndi bata. Nyumba zambiri za lendi ku Ndirande kapena ku Zingwangwa ndi za zipinda ziwiri, khoma limodzi ndi aneba, ndipo pabalaza pomwe munthu angawerengere ndi pomwe pamagona ana ndi mlendo wochokera kumudzi. Nyimbo za kubala yapafupi sizitha mpaka pakati pa usiku. Madzi akasiya masiku awiri n'kubwera mbandakucha, wina ayenera kudzuka ndi zigubu. Loweruka limene koleji ikuganiza kuti ndi lowerengera ndi lomwe kuli chinkhoswe, ukwati, kumanga chiliza kapena maliro, ndipo amene sapita ku maliro a anzake amadziwa chomwe chidzachitike tsiku lake likadzafika. Zonsezi zimalemera kwambiri pa amayi. Bambo akamaphunzira, nyumba yonse imayenda monyang'ama kuti asasokonezedwe. Mayi akamaphunzira, mbaula, zochapa, wodwala ndi Mvano kapena mphakati zimamudikirabe, ndipo m'mabanja ena foni yolira usiku ndi mauthenga a gulu la kalasi imabala nsanje ndi mikangano. Pamwamba pa izo pali kusungulumwa. M'kalasi ya njerwa mphunzitsi amaona nkhope ya munthu amene watayika. Pa intaneti munthu amene sakudziwa potumizira ntchito yake, kapena amene Chingerezi cha m'mabuku chinamuchita dzimbiri, amachita manyazi kufunsa pamaso pa ana a msinkhu wa mwana wake. Amangokhala chete, kenako n'kusowa, fizi atalipira kale.

Otsutsa amamaliza ndi funso la phindu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: kumene kuli anthu ambiri olakalaka mapepala kumabweranso amalonda a mapepala. Pa Facebook pamaoneka zotsatsa za madigiri ofulumira ochokera kusukulu zosadziwika bwino, ndipo alipo amene amazindikira atawononga kale ndalama kuti pepala lawo silikuvomerezeka. Palinso nkhawa ya chinyengo. Ntchito yolembera kunyumba ingathe kulembedwa ndi wina wolipidwa, kapena kukoperedwa pa ChatGPT, ndipo olemba ntchito akayamba kukayikira, wokhulupirika amavutikira limodzi ndi wakuba. Maphunziro ena, monga unamwino, uinjiniya ndi sayansi ya mu labu, sangatheke ndi foni yokha. Ndiye pali masamu a m'banja: ndalama yomwe bambo akulipirira digiri yake ndi yomwe ikanalipirira mwana wa fomu 3 sukulu yabwinopo. Achinyamata amene anamaliza digiri ali ndi zaka 23 akuyendabe ndi maenivelopu m'misewu ya Blantyre. Nanga munthu amene adzamalize ali ndi zaka 45, akufunsa otsutsa, adzabweza liti zomwe walowetsa?

Kuti tiweruze bwino mtsutsowu, tiyenera kukumbukira kuti kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi kuli ndi mbiri yaitali m'Malawi muno, ndipo likulu lake linali mu mzinda wa Blantyre womwe uno. Mu 1965 boma linakhazikitsa Malawi Correspondence College, yomwe pambuyo pake inatchedwa Malawi College of Distance Education (MCDE). Inkatumiza timabuku ta maphunziro, tomwe anthu ankatitcha maseti, ndipo maphunziro ena ankaulutsidwa pa wailesi ya MBC. Chomwe chinachitika n'chophunzitsa. Ophunzira sanakhale aliyense payekha kunyumba ndi seti yake. Anayamba kusonkhana, makolo anaumba njerwa, panapezeka mphunzitsi woyang'anira, ndipo malo amenewa anakula kukhala ma DEC, omwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anasandutsidwa ma CDSS amene tikuwadziwa lero. Anthu ambiri amene anakhala aphunzitsi, makalaliki ndi akuluakulu a ntchito anadzera pakhomo limeneli. Mbiri yomweyo ili ndi mbali yowawa. Malowa kawirikawiri ankakhala opanda mabuku okwanira, opanda labu, ndi aphunzitsi amene sanaphunzitsidwe za sekondale, ndipo zotsatira za mayeso zinkasonyeza zimenezo, mpaka dzina la "MCDE" linkamveka ngati sukulu ya otsalira. Apa tikuphunzirapo zinthu ziwiri. Mmalawi amaphunzira bwino patali akakhala ndi malo okumanirana ndi anzake ndi munthu womufunsa. Ndipo njira imeneyi imagwa pamene eni ake aitenga ngati yotsika mtengo yongokankhirako anthu ochuluka, n'kuwasiya adzionere okha.

Tikayang'ana madandaulo a otsutsa ndi diso limeneli, tipeza kuti palibe ngakhale limodzi limene likunena kuti mutu wa munthu wamkulu sungagwire maphunziro. Onse akuloza chinthu chimodzi: katundu amene kale ankasenzedwa ndi koleji tsopano waikidwa pamutu pa wophunzira. Koleji ikalandira munthu wa ODeL siimupatsa bedi, siimuyatsira magetsi, siimusungira mpando mu laibulale. Zonsezi wophunzira amadzilipirira kudzera mu lendi, mayunitsi ndi bandulo, pamwamba pa fizi. Chilungamo chikufuna kuti gawo la zomwe koleji yapulumutsa libwerere kwa iye, ndipo njira yake ndi yodziwika. M'dera lililonse mwa madera tatchulawa muli sukulu zomwe zipinda zake zimakhala zopanda anthu madzulo ndi Loweruka, komanso maholo a mipingo. Chipinda chimodzi chokhala ndi sola, intaneti, makompyuta angapo, makina osindikizira ndi mphunzitsi wobwera pa tsiku lodziwika chingayankhe nthawi imodzi vuto la mdima, la phokoso ndi la kusungulumwa. Mzuzu University inamanga malo othandizira ophunzira a patali ku Karonga, Balaka ndi Mulanje, ndipo maganizo amenewo ndi oyenera m'mizindanso. Tisanyengedwe kuti wa ku Machinjiri ali pafupi ndi MUBAS ya ku Chichiri poti onse ali m'Blantyre. Kwa munthu woweruka 5 koloko, mtunda umawerengedwa ndi maminibasi awiri, ndalama ya kabaza ndi mantha oyenda usiku. Zophunzitsira nazo zikonzedwe poganizira foni yotsika mtengo: zolembedwa zopepuka, mawu ojambulidwa oti munthu amvetsere mu minibasi, ndi mabuku osindikizidwa kwa owafuna. MACRA, yomwe imayang'anira thumba lothandizira kufikitsa mauthenga kwa onse, ingathe kukambirana ndi Airtel ndi TNM kuti masamba a maphunziro a makoleji ovomerezeka azitsegulidwa motsika mtengo chaka chonse. Ndipo masabata oyamba aperekedwe ku kuphunzitsa munthu kugwiritsa ntchito kompyuta ndi kulemba mwaukadaulo, mopanda kumuchititsa manyazi.

Za chinyengo ndi mapepala achabe, yankho lake lilipo kale ngati tingaligwiritse ntchito. Bungwe la National Council for Higher Education, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, limalembetsa makoleji ndi kuvomereza maphunziro awo, ndipo limatulutsa maina ake poyera. Safunsa anadya phula; munthu asanatumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money ayambe waona ngati sukuluyo, komanso phunziro lenilenilo, zili pa mndandandawo. Makoleji nawo ateteze dzina la ophunzira awo polembetsa mayeso m'chipinda choyang'aniridwa, pa muyezo womwewo umene amayezera ophunzira a masana, kuti pepala la wa ku Chilomoni lisasiyane kulemera ndi la amene anagona pa koleji. Maphunziro ofuna manja akhale ndi masabata ake a mu labu kapena m'chipatala. Pa nkhani ya phindu, otsutsa ali ndi mfundo imene ndiyenera kuivomereza: digiri siibala ntchito, ndipo munthu amene akukongola katapila kuti aphunzire chinthu chosagwirizana ndi zomwe amachita, pongofuna kujambulitsa atavala gauni, akudziika m'mavuto. Kwa ena maphunziro aafupi a ntchito zamanja a TEVETA, kapena mayeso a za akaunti olembedwa pang'onopang'ono, ndiwo oyenera kuposa digiri. Zikhozanso kutheka kuti chaka chino ndi cha fizi ya mwana, kholo n'kudikira. Komabe masamu a otsutsa amaiwala kuti akuluakulu ambiri ali kale pa ntchito, ndipo chimene chikuwatsekereza kukwera ndi pepala lokha. M'boma anthu amapuma pa ntchito ali ndi zaka 60, choncho womaliza ali ndi zaka 45 ali ndi zaka 15 zodyera thukuta lake ndi kulipirira ana omwewo. Makoleji akalola kulipira phunziro limodzilimodzi, ndi kulola munthu kupuma teremu osataya zomwe anakhoza kale, mpikisano wa fizi ya kholo ndi ya mwana ungachepe kwambiri.

Gawo lotsala lili m'manja mwa mabanja ndi ophunzira eni ake, ndipo pano anthu a m'madera amenewa ali ndi luso limene sanaliphunzire ku koleji. Amayi amene amayendetsa banki nkhonde chaka chonse, kusunga buku, kulipiritsa wochedwa ndi kuyendera amene wasowa, akudziwa kale mmene gulu limagwirira munthu kuti asagwe. Ophunzira asanu a phunziro limodzi okhala ku Bangwe akamakumana Lamlungu masana, mmodzi atakopera zowerenga ku ntchito kumene kuli intaneti n'kugawira anzake, bandulo imodzi imagwira ntchito ya asanu, ndipo amene wayamba kufooka amaonekera msanga. Mutu umodzi susenza denga. Kunyumba nako nkhani ikambidwe fomu isanalembedwe: ndani aziphika masiku a mayeso, ndalama ichokera pati, ndi maliro ati amene wina angakaimirire banja. Bambo amene anapatsidwa bata pamene ankaphunzira ali ndi ngongole ya bata lomwelo kwa mkazi wake. Olemba ntchito, amene adzapindule ndi wantchito wodziwa zambiri, angathe kupereka masiku a mayeso osadula malipiro.

Ndiye wamkulu wa ku Ndirande kapena ku Zingwangwa abwerere ku koleji? Ine ndikuti abwerere, atasankha sukulu yovomerezeka, phunziro logwirizana ndi ntchito yake, ndi anzake oyenda nawo. Otsutsa anena zoona kuti foni yokha siikwanira, ndipo makoleji, boma ndi makampani a mafoni ayenera kuweruzidwa ndi chiwerengero cha amene amaliza, kusiyana ndi cha amene alembetsa. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, akukamba za dziko lodzidalira lokhala ndi anthu aluso, koma aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki amene akuyendetsa dziko m'zaka makumi awiri zikubwerazi ali kale pa ntchito, ndipo usiku uno ena mwa iwo akuwerenga ndi nyali ya foni ana ali m'tulo. Makolo athu anaumba njerwa kuti mwana wa maseti apeze pokhala. Ife tikupemphedwa zochepa kuposa pamenepo: kutsegula chipinda chomwe chilipo kale, kuyatsamo nyali, ndi kuikamo munthu woyankha mafunso.